Mphini za Ursula

Mwezi wa Okutobala ku Lilongwe munthu suvala bulauzi yotseka khosi, pokhapokha ngati ukudwala malungo kapena pali chimene ukubisa. Ine ndapondamo m'matauni ambiri, ndipo ndikaona mkazi atamanga batani lomaliza dzuwa likuswa mtengo, ndimadziwa kuti pamenepo pali nkhani. Ya Ursula Kachingwe inali yotere.

Ursula anali wa zaka makumi atatu ndi zitatu, wogulitsa nsalu m'shopu ya a Meena pafupi ndi Bwalo la Njobvu ku Old Town. Miyezi inayi m'mbuyomo madokotala anam'chotsa chotupa m'bere lakumanzere. Anamuuza kuti ndi khansa, koma aipeza isanayale mizu. Chotsala chinali kuwotcha pamalopo ndi makina, m'mawa uliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, maulendo makumi awiri ndi asanu. Kuti makinawo azilunjika malo amodzimodzi tsiku lililonse, anam'jambula timitanda titatu ta inki, kamodzi pakati pa chifuwa, tiwiri m'nthiti, n'kumata kapulasitala koonekera pamwamba pa kalikonse. Anesi anamuuza kawiri konse kuti pamenepo asatikite, asapake sopo waukali, asadzole chilichonse. Timitandato tikafufutika, amayambiranso kuyeza, ndipo masiku amatayika.

Anali atapita maulendo khumi ndi asanu ndi limodzi. Akanamaliza Lachitatu, masabata awiri kutsogoloko, ndipo Loweruka lake chinali chinkhoswe chake ndi Frazer Mtambalika, wogwira ntchito m'boma ku Capital Hill.

Frazer sankadziwa chilichonse. Nthawi ya opaleshoni Ursula anamuuza kuti wapita kwawo ku Mitundu kukadwazika amayi ake.

Musafulumire kumuweruza. Frazer anali ataika kale mkazi m'manda, zaka zitatu zapitazo, ndipo chimene chinam'tenga mkaziyo ndi khansa yomweyi, yake ya khomo la chiberekero. Anayenda naye mpaka ku Lusaka kukafuna makina, nthawi imene kuno kunalibe. Atangoyamba chibwenzi ndi Ursula, tsiku lina ali pa mlatho wa Lilongwe galimoto zitathithikana, anamuuza mosaganiza kuti: "Iwe ndinakukondera thanzi. Umaseka ndi thupi lonse. Ine nyumba yonunkha mankhwala sindingaikhalenso."

Mawu amenewo Ursula ankagona nawo, n'kudzuka nawo.

* * *

Lachinayi limenelo analowa m'shopu nthawi itangopitirira 10 koloko, nkhope itatuwa. A Meena, mayi wachimwenye wobadwira momwemo mu Old Town, anali pa kauntala akupinda zitenje. Chichewa chawo chinali chokhwima kuposa cha ana ambiri a m'tauni.

"Khala pansi usanandigwere pa nsalu zanga."

"Ndili bwino, madamu."

"Uli bwino ngati tomato wa dzana. Wadya?"

"Kukhosi sikukufuna kanthu."

Anam'kankhira mpando ndi phazi, n'kumuthirira tiyi wa jinja m'kapu yawo yomwe. Mu Lilongwe monse ndi iwo okha ankadziwa. Ndi iwo anam'lola kumafika mochedwa, ndipo ankauza antchito ena kuti amam'tuma ku nyumba yosungira katundu.

"Wamuuza?"

"Ndidzamuuza."

"Liti?"

"Ndikamaliza. Ndidzamuuza ngati nkhani yakale, yoti inachitika n'kutha. Pamenepo sadzakhala ndi choopa."

"Ursula, ine nsalu ndagulitsa zaka makumi atatu. Ukabisa pong'ambika pakati pa mpukutu, kasitomala amakapapeza ali kunyumba kwake. Akamabwerera kuno sabwera ndi moni."

"Madamu, simunamuone mmene amakhalira. Tsiku lina pa wailesi ya m'galimoto ankakamba za khansa. Anazimitsa, n'kuimitsa galimoto pambali pa msewu. Ndimuuze kuti yalowanso, ulendo uno kudzera mwa ine?"

Panalowa amayi awiri ofuna yunifomu ya ukwati, ndipo Ursula anadzuka. Anatsitsa mipukutu isanu ndi umodzi pa shelefu yam'mwamba ndi dzanja lamanja lokha, pakuti lamanzere likakwezedwa khungu la m'khwapa limakokeka ngati likufuna kung'ambika. Anaseka nawo, anawasankhira mtundu, anayeza n'kudula. Atatuluka, anatsamira kauntala n'kuyatsa foni.

Meseji ya Frazer inali itafika kale: "Foni yako inali yozima 8 koloko. Kachinayi sabata ino. Ndikutenga 12, tikadye."

* * *

Anakadyera ku City Centre, pansi pa mitengo pamene amayi amagulitsa mpunga ndi nkhuku kwa anthu a m'maofesi. Frazer anali wamtali, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu, munthu wodya pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata.

"Ndani amakuzimitsira foni m'mawa uliwonse?"

"Batire."

"Batire lophunzira bwino limenelo. Limafa 8 koloko, n'kuuka 10 koloko. Loweruka ndi Lamulungu limapita ku holide."

"Mwayamba kundilemba m'kaundula ngati amesenjala anu?"

Anaseka onse awiri, koma maso a Frazer sankaseka.

"Ursula, ine ndine munthu wamkulu. Ngati pali wina, undiuze anthu asanavale yunifomu. Manyazi a lero ndi opepuka kusiyana ndi a tsikulo."

"Palibe wina."

"Nanga kutopa kumeneku? Lamulungu unagona m'tchalitchi, wakwaya iwe. Mpunga uwo wangoutembenuza. Ndikakugwira phewa umadzidzimuka ngati ndakuponda."

"Ndi zokonzekera chinkhoswe. Mukuyesa n'zamasewera? Inu amuna mumangobwera mutavala malaya osita."

"Ndiye bulauziyo? Kutentha konseku, wadzimanga ngati sisitere."

"Ndikusungira inu. Kapena mukufuna a Capital Hill onse aonereko?"

Zimenezo zinam'fewetsa Frazer. Anam'sunthira botolo la madzi, n'kuyang'ana kumbali monga amachitira akafuna kunena chinthu chimene si chake.

"Amayi akuti diresi lako la chinkhoswe asoke Chipulikano."

Supuni inaima m'dzanja la Ursula.

"Telala wanga ndili naye kale. Miyezo yanga ali nayo."

"Ndikudziwa. Koma akuti nsalu ya mpongozi wawo siidulidwa ndi sizasi ya mlendo. Angokuyeza basi, mawa ukaweruka. Ndichitire kamodzi kokha aka. Amayi ndi amene anandigwira nthawi imene ndinali nditagwa."

Chipulikano anali mwana wa amalume ake a Frazer. Paja msuweni ndi mkazi wako wa nthabwala, ndipo nthabwala zina zimakathera kutsogolo kwa abusa. Mkazi wa Frazer atamwalira, ndi Chipulikano ankabwera kudzaphika ndi kuchapa makatani, chaka chathunthu. Banja lonse linkadikira kuti nkhani ipse yokha. Kenako kunatulukira Ursula.

"Chabwino," anatero Ursula. Panalibe njira yokanira imene sikanabala funso lina.

* * *

Chipinda chosokera cha Chipulikano chinali kuseri kwa mashopu a pa Malangalanga, chokwera masitepe opapatiza. Ursula anaima kawiri panjira kuti apeze mpweya.

"Mkazi mnzanga wafika," anatero Chipulikano, mapini ali pakamwa. Anali mkazi wodzaza bwino, wa mawu okoma ngati wowulutsa pa wailesi. "Lowani, mayi wamng'ono. Musaope, nyumbayo ndinayamba ndine, ndikuphunzitsani pamene amasunga mchere."

"Zikomo, mayi wamkulu. Koma mcherewo akuti munkachulutsa."

"Eee, pakamwa pali mano. Vulani bulauzi."

"Ingoyezani pamwamba pomwepa."

"Diresi lake ndi logwira pachifuwa. Ndikayeza pamwamba pa chinsalu chimenechi mudzaoneka ngati thumba la makala, anthu n'kumati Chipulikano wachitira dala nsanje. Dzina langa ndimadyera. Vulani, muno muli akazi okhaokha."

Ursula anamasula mabatani. Mkati anavala kamisolo kofewa ka thonje, pakuti buleziya anasiya kuvala khungu litayamba kupsa. Anaganiza kuti kam'bisa. Koma telala ndi telala. Chipulikano anazunguliza tepi, anati kwezani manja, n'kukokera kamisoloko pansi kuti tepi igone bwino.

Anaona zonse. Khungu lakuda bii kuyambira m'khwapa mpaka pansi pa bere. Chipsera chachifupi. Timitanda tiwiri tofiirira m'nthiti, kena pakati pa chifuwa, titatetezedwa ndi kapulasitala.

Analemba nambala m'buku lake, anayeza chiuno, analembanso.

"Zimenezi mwazitenga kuti?"

"Ndi khungu chabe. Likundivuta masiku ano."

"Khungu lodziwa kujambula mtanda? Katatu?"

Ursula anavala bulauzi mofulumira.

"Anthu a ku Mitundu mumadziwa zinthu," anatero Chipulikano mofatsa, akupinda tepi. "Ine ndinkadabwa. Chaka chathunthu munthu ndikumuphikira, osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Kubwera inu, miyezi itatu yokha, walodzeka. Diresi lanu mudzalipeza Lachinayi. Muyende bwino, mkazi mnzanga."

* * *

Loweruka masana kunali kuyeserera magule a chinkhoswe kunyumba kwa mnzake wa Ursula ku Eriya 3. Anapita, pakuti mwini chinkhoswe sangajombe. Anavina nyimbo ziwiri, atsikana akumuwombera m'manja kuti chiuno chilipo. Pa yachitatu mphamvu zinam'thera. Anakadzitsekera kubafa, n'kukhala m'mphepete mwa bafalo, mutu atatsamiza khoma lozizira.

Foni inalira. Anali a Nachisale, amayi ake a Frazer.

"Apongozi, mawa mukaweruka ku tchalitchi mubwere kunyumba. Nokha."

"Kwagwanji, amayi?"

"Mukamva mukafika."

Ursula anatsegula pa dzina la Frazer. Analemba kuti: "Ndili ndi khansa ya m'bere. Ndikulandira chithandizo. Akuti ndichira." Anawerenga katatu. Chala chinaima pamwamba pa potumizira. Anakumbuka galimoto itaima pambali pa msewu, wailesi itazimitsidwa. Anafufuta chilembo chimodzichimodzi, n'kulemba kuti: "Ndakusowani."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Nanenso. Masiku khumi ndi anayi okha."

Kunja atsikana ankagogoda. "Mkwatibwi, tuluka, nyimbo yako yayamba."

Anasamba kumaso, n'kutuluka akumwetulira.

* * *

Nyumba ya Frazer inali ya boma ku Eriya 12, ya mpanda wa maluwa ndi mitengo ya mango iwiri. A Nachisale anasamukiramo maliro aja atatha, ndipo sanabwererenso kumudzi. Anali mayi wopemphera, wosakweza mawu, woti akakuyang'ana umakumbuka machimo a chaka chatha.

Galimoto ya Frazer panalibe. Anam'tuma kukasiya amalume ake ku depoti.

Sanam'landirire pabalaza. Anam'lowetsa kuchipinda kwawo, n'kutseka chitseko. Chipulikano anali atakhala pa mpando wa pawindo. Pansi panali beseni la madzi ofunda, sopo wochapira zovala ndi chinkhupule chatsopano.

"Khalani, apongozi," anatero a Nachisale. "Ine sindizungulira. Mwana wanga analira zaka ziwiri. Ankadya ngati akumwa mankhwala. Mutabwera inu, anayamba kuimba kubafa. Chithunzi cha ukwati wake anachichotsa pabalaza yekha. Ine ndinagwada, ndinathokoza Mulungu. Tsopano ndikumva kuti mwina sanali Mulungu."

"Amayi, sindikumvetsa."

"Mukumvetsa. Muli ndi mphini pachifuwa. Zitatu, zamtanda, khungu litapsa ndi mankhwala amene anapakapo. Ine ndinakulira kumudzi, ndikudziwa mphini za litsipa, ndikudziwa za msana. Za pamtima ndi za chinthu chimodzi chokha. Mwamuika m'botolo mwana wanga."

"Si mphini, amayi. Ndikulumbira. Ndi inki."

"Wakulembani ndani?"

Ursula anayang'ana pansi. Yankho linali pakamwa penipeni, lalifupi, koma likanatuluka m'chipindamo likanakafika kwa Frazer dzuwa lisanalowe, ndiponso kudzera pakamwa pa Chipulikano.

"Mwaona, azakhali?" anatero Chipulikano.

A Nachisale anakweza dzanja kuti akhale chete.

"Sindikufuna kukunamizirani. Mwati ndi inki. Inki imachoka ndi madzi, mphini sizichoka. Madzi ndi awa. Ikachoka, ine ndigwada pompano ndikupepeseni, uyunso akupepeseni, chinkhoswe chipitirire ndipo nkhaniyi ifere m'chipinda muno. Mukakana, ndiimbira ankhoswe lero lomwe."

Kunja mwana wa oyandikana nawo ankakankha njinga yolira.

Ursula anayamba kuwerengera mumtima. Timitanda ndi titatu. Atafufuta kamodzi, tiwiri titsala. Mwina anesi angojambulanso. Mwina adzangom'kalipira. Masiku asanu ndi atatu okha otsala, kenako zonse zikhala zakale.

Anamasula mabatani. Anatsitsa kamisolo mbali yakumanzere. A Nachisale ataona khungulo anakoka mpweya. Ursula anamatula kapulasitala ka m'nthiti, anaviika chinkhupule, anapaka sopo.

Kutikita koyamba kunali ngati wagwetserapo khala lamoto. Analuma mlomo. Anatikitanso. Thovu linasanduka lofiirira, linatsikira m'chiuno mwa siketi. Kachitatu, khungu lopsa lija linasupuka n'kutsala pa chinkhupule, pansi pake panatuluka pofiira, ponyowa. Misozi inkagwera m'beseni koma mawu sanatuluke.

"Basi," anatero a Nachisale, mawu atasintha. "Basi, apongozi, yachoka. Ndaona."

"Kamodzi kokha," anatero Chipulikano. "Mwina kameneko anachita kujambula kuti atipusitse. Ka pamtimapo ndiye kenikeni."

Ursula anagwira kapulasitala ka pakati pa chifuwa. Zala zinali zitayamba kukanda m'mphepete mwake pamene chitseko chinatseguka.

"Amayi, basi tinaipeza itadzaza kale, ndiye amalume..."

Frazer anaima pakhomo, makiyi ali m'manja. Ursula anafuna kudziphimba koma mkono unakana kukwera. Frazer sanayang'ane amayi ake, sanayang'ane beseni. Maso ake anapita pa kamtanda ka pachifuwa, anatsikira pa khungu lakuda, anakafika pa chipsera. Nkhope yake inakalamba pomwepo.

"Maulendo angati?" anafunsa motsitsa.

"Frazer..."

"Wapita maulendo angati?"

"Khumi ndi asanu ndi awiri."

"Otsala?"

"Asanu ndi atatu."

Analowa, anam'landa chinkhupule mosamala ngati akulanda mwana mpeni, n'kuchiponya m'beseni.

"Mwana wanga, ukuzidziwa zimenezi?" anafunsa a Nachisale.

"Ndi zizindikiro za makina owotchera khansa, amayi. Siziyenera kufufutidwa. Ku Lusaka ndinkazitchinga ndi chikhato changa pom'sambitsa malemu uja, masabata asanu ndi limodzi. Inu simunalipo, simukanadziwa." Anatembenukira kwa Chipulikano. "Iwe, tuluka m'nyumba mwanga."

"Asuweni, ine ndimangofuna..."

"Tuluka."

Chipulikano anatola chikwama chake. Ursula anatambasula dzanja kuti agwire malaya a Frazer.

"Ndimati ndikuuzeni ndikamaliza. Aipeza msanga. Akuti ndichira. Frazer, ndiyang'aneni."

Sanam'yang'ane. Anabwerera chambuyo mpaka pakhomo, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Kenako Ursula anamva galimoto ikulira, geti ikutseguka, phokoso likuzimirira kumsewu.

A Nachisale anakhala pa bedi.

"Khansa," anatero. "Kachiwiri. M'nyumba yomweyi."

Patapita nthawi anadzuka, anatenga kansalu koyera m'sutikesi, anakaviika m'madzi oyera, n'kuyamba kuchotsa sopo pabalapo modontheza, osakhudza. Manja awo anali ofatsa. Anam'veka kamisolo, anam'mangira mabatani okha.

"Ndakulakwirani, mwana wanga. Mulungu andikhululukire, inunso mundikhululukire."

"Palibe kanthu, amayi."

"Kanthu kalipo. Ndipo ndikupemphani china, cholemera kuposa chimene ndachitachi. Ine ndinamuona akufa ali moyo. Ndinkabisa zingwe ndi mankhwala a makoswe. Mukam'konda, musiyeni. Adzalira miyezi iwiri, adzadzuka. Koma akadzaikanso mkazi wachiwiri, ndidzaika anthu awiri."

"Ine sindikufa, amayi."

"Uja ankateronso."

* * *

Foni ya Frazer inali yozima tsiku lonselo. Ursula anaimba kasanu ndi kawiri. Analemba mameseji anayi, onse anangokhala osafika.

Lolemba m'mawa nesi wa kumakina anayang'ana balalo, n'kuyang'ana Ursula.

"Mayi, tinagwirizana chiyani?"

"Ndinaterereka kubafa."

"Bafa lanu lili ndi chinkhupule chogwira ntchito chokha?"

Dokotala anati pamenepo sangawotchepo lero kapena mawa. Bala liyambe lauma, Lachitatu adzayezenso n'kujambula kamtanda kena. Masiku awiri anatayika. Tsopano akanamaliza Lachisanu, chinkhoswe chili mawa lake, ngati chinkhoswecho chinalipobe.

Anesi anamuuza kuti akapume kunyumba. Iye anakwera minibasi ya ku Old Town. Kunyumba kukanakhala iye ndi foni yosalira. Kushopu kunali anthu ofuna nsalu, omuitana kuti asisi, osadziwa kanthu, ndipo pakati pawo ankadzimva kuti akadali munthu wamoyo.

Atalowa, anapeza Frazer ataima pa kauntala. Anali ndi malaya omwe aja a dzulo, ndevu zosameta, maso ofiira. M'manja anali ndi pepala lolembedwa mbali zonse.

"Wafika mwini wake," anatero a Meena. "Bwanawa akuti akusiyitsa ntchito kuyambira lero. Ndawauza kuti muno kalata yosiya ntchito amasaina ndi amene amagwira ntchitoyo."

"Munali kuti?" anafunsa Ursula. "Ndakuimbirani mpaka chala kutopa."

"Ndimaganiza. Ndaganiza zonse, usadandaule." Ankalankhula mothamanga, maso ali pa pepala. "Ndapempha tchuthi cha miyezi itatu. Bedi ndilisunthira kuchipinda chapafupi ndi bafa, kuti usamayende mtunda. Ndagula kamakina kogayira zipatso, chifukwa idzafika nthawi yoti zolimba sizidzalowa. Mapilo anayi. Ndalankhula ndi abusa, akuti ukwati akhoza kudalitsa sabata yotsatira chinkhoswe, sitidikiranso Disembala. Amayi akuti ku chinkhoswe sabwera, ndipo auza kale amalume kuti asabwerenso. Asabwere. Ndipeza nkhoswe wina."

"Ndiye simukundisiya?"

"Ndikusiye? Panopa?"

Mtima wa Ursula unadumpha, koma sunakhazikike. Panali china m'mawu akewo. Ankalankhula naye monga amalankhulira anthu pakhonde la chipatala, motsitsa, mwaulemu wopitirira.

"Frazer, zipatso zogaya n'za chiyani? Ndimadya ndekha. Ntchito ndikugwira. Loweruka ndinavina nyimbo ziwiri zathunthu. Dokotala akuti aipeza msanga, akuti ndichira."

"Amatero."

"Yanga si ngati ija."

"Ndikudziwa. Amateronso." Anapinda pepala lija mosamala. "Chofunika n'chakuti masiku amene alipowa tisawataye. Sungawathere pano ukudula nsalu za anthu."

"Masiku ake ati? Ndani wakuuzani kuti ndi owerengeka?"

A Meena anayamba kupinda chitenje chopindidwa kale. Kasitomala amene analowa anaima pakhomo, n'kubwerera.

"Ndimafuna mwamuna, Frazer, osati wondidwazika. Mundikwatire chifukwa ndimakusekesani. Mundikalipire chifukwa ndinakunamizani miyezi inayi. Kalipani, ndikuyenera. Koma musandiyang'ane choncho."

"Sindingakukalipire."

"Chifukwa chiyani?"

Frazer anagwada pa simenti, pakati pa mipukutu ya nsalu, anagwira manja ake onse awiri n'kuwaika pamphumi pake. Mapewa ankagwedezeka.

"Ulendo uja ndinachedwa. Ndinkapita ku ofesi, ndinkati mawa, mawa. Ulendo uno sindichoka pambali pako ngakhale ola limodzi. Ungovomera, usiye ntchito, ubwere kunyumba. Vomera, Eneless."

Eneless linali dzina la malemu mkazi wake.

Frazer sanadzimve. Anakhalabe chogwada, akufinya manja a Ursula, akudikira. A Meena anasiya chitenje chija n'kuyang'ana kukhoma. Ursula anaima chilili, bala la m'nthiti likumuwotcha pansi pa bulauzi. Chinkhoswe chimene anachitetezera ndi khungu lake chinali m'manja mwake, chongofuna mawu amodzi. Anatsegula pakamwa, koma sanadziwe kuti akavomera, wavomera ndi iye kapena mkazi amene anagona kumanda zaka zitatu zapitazo.